Mbatatesi zomwe nkhono sizikonda: ife a ku Chipata tizipeza kuti?

Aliyense amene anayesako kudzala mbatatesi kuseri kwa nyumba nthawi ya dzinja kuno ku Chipata akudziwa zomwe nkhono zopanda chigoba zija zimachita, zoterera zija zimatuluka usiku n'kusiya kanjira konyezimira pakhonde. Pamwamba mbewu ili biliwiri, maluwa atuluka, iwe wayamba kale kuuza ana kuti chaka chino chipisi sitigula ku Kapata, koma tsiku lokumba ukupeza mbatatesi yooneka bwinobwino ili ndi kabowo kakang'ono kozungulira, ukaidula ndi mpeni mkati muli mphanga yonse yabulawuni, nthawi zina mwini mphangayo ali momwemo wadzipinda, sakuthawa olo pang'ono. Chowawa kwambiri n'chakuti zimasankha zikuluzikulu, tating'ono tija totsala m'mizu zimatisiya.

Ndiye ukalowa pa intaneti kufunsa, yankho limabwera msanga: dzalani mtundu umene nkhono siziukonda. Ndipo sikunama, mitundu yotere ilikodi. Ku Britain, komwe vutoli n'lalikulu chifukwa cha mvula yawo yosatha ija, alimi akudziwa kuti Maris Piper ndi Cara nkhono zimazikonda maningi, pomwe Pentland Dell, Kestrel, Charlotte ndi Wilja siziboolaboola kwenikweni, ndipo bungwe lawo la zamaluwa ndi zamasamba la Royal Horticultural Society limalangiza anthu zomwezo. Palinso ina yotchedwa Sarpo Mira, inachokera ku banja la Sárvári la ku Hungary, imeneyo inatchuka chifukwa chopirira chiwawu koma eni magadeni ambiri amaitamanso pa nkhani ya nkhono. Zonsezi n'zoona. Manje tengani mayina amenewa mupite nawo ku Saturday Market mukafunse amayi ogulitsa mbatatesi kuti amayi, muli ndi Kestrel? Adzakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kukufunsani funso limodzi lokha, mufuna yofiira kapena yoyera, ndipo mufuna ka hipu kapena poketi.

Mbewu imene ife timaigwira m'manja ndi ina. Yambiri imalowera pa Mwami kuchokera ku Malawi, ku Dedza ndi ku Ntcheu komwe kumazizira, mayina ake ndi a Rosita ndi Violet, ina imachokera mbali za Angónia ku Mozambique, ndiye pali zoyera za m'mapoketi a 10 kg zobwera kudzera ku Lusaka zomwe mitundu yake nthawi zambiri ndi yolimidwa ku South Africa ngati BP1, Mondial kapena Up-to-Date. Ambirife sitigula n'komwe mbewu yeniyeni, timangosankha zophukira pansi pa bedi kapena kuseri kwa chitseko cha kukhitchini n'kukakwirira. Ndipo wina asaganize zoti m'bale wake wa ku London amubweretsere tiwiri m'chikwama, mbewu yodutsa malire imafuna chilolezo cha aboma oona za matenda a zomera, ndipo lamulo limeneli ine ndimaligwirizana nalo, chifukwa matenda ofotetsa mbatatesi aja akalowa m'dothi mwanu sachoka msanga, mudzaiwala za nkhono n'kumalira zina.

China chomwe mindandanda ya pa intaneti sinena n'chakuti nkhono za ku Britain si zathu zino. Zawo zoononga mbatatesi ndi zazing'ono zokhala pansi pa nthaka pafupifupi moyo wake wonse, moti mlimi sazionanso pamwamba. Zathu zomwe ndimapeza pansi pa mabuloko ndi zaphanthiphanthi zakhungu lolimba, zakuda kapena zotuwa, kuphatikiza nkhono zikuluzikulu za chigoba zomwe zimadzaza msewu mvula yoyamba ikagwa, ndipo izi zimayamba ndi masamba ndi mphukira zanthete, mbatatesi zimaifikira ikakhala pafupi ndi pamwamba kapena dothi likang'ambika. Ndiye mtundu umene unayesedwa ku Scotland ndi nkhono za ku Scotland sungakulonjezeni kanthu pa Kalongwezi kapena ku Mchini.

Komabe pali phunziro lomwe ndinatolako kumeneko ndipo ndi limene likundithandiza. Choyamba, palibe mtundu umene nkhono sizidyeratu, amangoti zimaukonda pang'ono, kusiyana kwake kumachokera ku khungu ndi timankhwala towawa tachilengedwe tomwe mbatatesi iliyonse ili nato mosiyanasiyana, koma nkhono ikasowa chodya idya chomwe chilipo. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, mitundu yocha msanga imapulumuka kwambiri osati chifukwa ndi yowawa ayi, koma chifukwa imakumbidwa nkhono zisanachuluke. Mbatatesi ikakhwima n'kumangokhala m'dothi lonyowa, sabata iliyonse imene yakhalamo mabowo akuonjezeka. Ife timakonda kusandutsa munda nkhokwe, kukumbako lero zinayi za ndiwo, mawa zisanu, zina n'kumadikira kumapeto kwa mwezi, chizolowezi chomwe tinatengera ku kandolo ndi chinangwa zomwe zimapirira pansi. Mbatatesi siyotero. Ikakwana miyezi itatu kapena inayi, masamba achita chikasu, dulani mitengo yake, dikirani masiku 10 mpaka 14 kuti khungu lilimbe, yesani imodzi ndi chala chachikulu, khungu likapanda kusendeka kumbani zonse tsiku limodzi, makamaka ngati kukugwa mvula musadutsitse masabata awiri.

Koma musanaimbe nkhono mlandu onetsetsani kuti ndi iyodi, chifukwa pagadeni pali akuba ambiri ndipo aliyense ali ndi kabooledwe kake. Alamu anga a ku Katete anabwera tsiku lina ndi mbatatesi m'pulasitiki ati alamu, nkhono zanu zija zafikanso kwathu, ndinapeza kuti ndi ntchito ya kambozi kakang'ono ka gulugufe wa mbatatesi, kamene kamaboola tinjira topyapyala pansi pa khungu n'kusiya tindowe takuda pamaso pa mbatatesi, ndipo kameneka kamavuta nthawi yotentha dothi likauma n'kung'ambika, zosiyana kotheratu ndi nkhono zomwe zimafuna chinyezi. Akanakhala kuti anachepetsa madzi poopa nkhono bwenzi ataonjezera vuto. Bowo la nkhono limakhala laling'ono pakhomo koma lalikulu mkati, m'mbali mwake mosalala. Mbozi zotuwa zonenepa zomwe zimadzipinda ukazikhudza, zomwe zimadulanso tomato ndi repu pa nazale, zimangokokota pamwamba mabala osaya. Bongololo anthu amamunamizira kwambiri chifukwa amapezeka ali m'bowo, koma nthawi zambiri iye amalowa pomwe wina watsegula kale kapena pomwe payamba kuola. Mfuko sakuboola n'komwe, amanyamula yonse, mumangoona mulu wa dothi ndi mbewu yofota. Njira yodziwira ndi imodzi, tulukani usiku cha m'ma 21 kapena 22 hours ndi tochi ya foni tsiku lomwe kwagwa mvula, yang'anani kunsi kwa masamba, m'mbali mwa mizere ndi m'tsinde mwa mpanda. Ngati zilipo muziona, sizithamanga.

Za mtundu, ndinene zomwe maso anga aona pagadeni panga basi, osati za m'buku. Zofiira zomwe ndimagula pa dzina la Rosita zimatuluka ndi mabowo ochepa poyerekeza ndi zoyera zakhungu lopyapyala za m'poketi. Koma musathamange nazo, chifukwa dzina la pamsika silodalirika, chilichonse chofiira amachitcha Rosita, ndipo dothi langa si dothi lanu. Chomwe mungachite, ndipo sichidya ndalama, ndi kudziyesera nokha. Gulani mitundu iwiri kapena itatu, mudzale mosinthanasinthana, mzere wa yofiira, mzere wa yoyera, wofiiranso, woyeranso, osati yofiira yonse kumtunda yoyera yonse kumunsi kufupi ndi pompi kapena komwe kumatsikira madzi a kubafa, chifukwa mukatero mzere wa kumadziwo udzaboolekadi ndipo inu mudzanamizira mtundu pomwe vuto ndi malo. Zikani timitengo tolemba ndi makala kapena mumangepo nsanza za mitundu yosiyana, pakutha miyezi itatu simudzakumbukira. Pokumba muunjike padera, muwerenge zoboola ndi zabwino mulu uliwonse, mulembe pa kalenda. Mukachita zimenezi nyengo ziwiri zitatu mudzakhala ndi mndandanda wanuwanu, wa nkhono za pabwalo panu.

Ndikanakonda anzathu a ku Msekera, siteshoni yathu ya kafukufuku ili pompano, akanatichitirako mayeso otere, koma ndikumvetsa, kuno mtima wonse uli pa nshawa, chimanga, soya ndi nyemba, mbatatesi ya kuseri kwa nyumba ndi nkhani yaing'ono. Olo ku Malawi komwe anatulutsa mitundu yatsopano ngati Chuma, Thandizo ndi Zikomo mothandizana ndi International Potato Center, bungwe lomwe likulu lake lili ku Lima ku Peru kwawo kwa mbatatesi, chomwe ankasakasaka ndi zokolola zambiri ndi kupirira chiwawu. Ndipo ndi zomveka, chiwawu chimatha kupsereza munda wonse m'masiku ochepa, ndi chomwe chinagwetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira 1845, nkhono sizinaphepo dziko ndi njala.

Nthawi yodzala ndiye yandipulumutsa kuposa china chilichonse. Mvula yathu imayamba cha mu Novembala n'kusiya kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya nkhono ndi chiwawu pamodzi, nthawi ya Nc'wala ija dothi silimauma n'komwe. Ukadzala mu Disembala mbatatesi zako zimakhwimira m'matope enieni. Koma ukadikira n'kudzala mu Epulo kapena Meyi, zimakulira m'chisanu cha Juni ndi Julaye chomwe mbatatesi imachikonda, nkhono zambiri zitabisala, n'kukumba mu Ogasiti kutentha kusanafike, ukamapita ku Kulamba wasiya kale thumba m'nyumba. Vuto lake ndi madzi, bilu imakwera, ndipo amene ali ndi dimba kumunsi kwa Lutembwe ali ndi mwayi ngakhale kuti kudimba chinyezi sichitha ndiye nkhono zimakhalako chaka chonse. Thirirani m'mawa osati madzulo. Ndikudziwa ambirife timathirira tikaweruka kuntchito, koma ukathirira dzuwa likulowa wazikonzera msewu wonyowa usiku wonse, pomwe ukathirira m'mawa pamwamba pamauma ndipo nkhono kuyenda pa dothi louma imavutika. Ndipo madzi muzithira mumngalande pakati pa mizere, kawiri kapena katatu pasabata mokwanira, osati kuwazawaza tsiku lililonse.

Kukwezera dothi musanyozere. Mizere italikirane masentimita 75 mpaka 90, mbewu ndi mbewu 30, mbewu yake yokula ngati dzira la nkhuku yophukira bwino, ikatuluka n'kufika kutalika kwa chikhatho mukokere dothi m'tsinde, pakapita masabata awiri atatu mukokerenso. Mbatatesi yokwiririka bwino nkhono zathu zoyenda pamwambazi siziifikira msanga, gulugufe uja sapeza mng'alu woikira mazira, komanso siichita girini ndi dzuwa, ndipo yagirini ija musadye, imawawa ndipo ili ndi poizoni.

Pali nkhani ina yomwe timakangana ndi amayi ena oyandikana nawo mpanda, amene anaphunzira ulimi wosunga chinyezi ndipo amaukhulupirira ngati pemphero. Iwo amati mwanawe, dothi lisakhale maliseche, phimba ndi udzu. Kumunda wa chimanga akunena zoona ndipo sindingatsutse. Koma pa mbatatesi nthawi ya mvula udzu wonyowa ndi nyumba ya nkhono, masana zimagona pansi pake usiku n'kutulukira pompo pa mbewu. Ine ndimaphimbira mu Ogasiti ndi Seputembala kukatentha, dzinja ndimachotsa, iwo amangopukusa mutu. Manyowanso chimodzimodzi, a nkhuku za broiler osaola bwino osakaniza ndi utuchi amasunga chinyezi ndipo amaotcha mbewu, asiyeni aole kaye padera, kutali ndi mizere chifukwa mulu wa manyowa nawonso ndi komwe zimaswerana. Nkhono iliyonse ndi yaimuna ndi yaikazi nthawi imodzi, ndiye ziwiri zilizonse zikakumana zonse zitha kuikira. Mazira ake ndi timikanda toyera toonekera mkati, tounjikana pansi pa buloko, thabwa kapena tayala lakale, mukatipeza tifukuleni tiume padzuwa kapena muitane nkhuku.

Misampha yomwe imagwiradi ntchito ndi yotchipa. Dulani botolo la pulasitiki, mukwirire m'dothi mlomo wake utatsala pang'ono pamwamba, muthiremo chibuku kapena masese, fungo la yisiti limazikoka zimagweramo n'kumira, amene simufuna mowa pakhomo panu sakanizani yisiti ya mandasi, shuga ndi madzi zimagwiranso. Koma msampha umodzi sukoka za gadeni yonse, muike ingapo ndipo muzikhuthula pakapita masiku awiri atatu, fungo lake likakhalitsa simungalipirire. Njira ina yomwe ndimaikonda kuposa ndi kuziyalira pogona dala, saka lonyowa, thabwa, masamba akunja a kabichi kapena chikhungwa cha papaya chovundikira, m'mawa mumangovundukula n'kutola zonse zili phee, n'kuziponya m'ndowa ya madzi a sopo. Valani pulasitiki kumanja potola, ndipo repu kapena letesi wa pagadeni yomweyo muzitsuka bwino, nkhono zimatha kunyamula tinyongolotsi toyambitsa matenda kwa anthu.

Phulusa limathandiza likakhala louma, mvula ikangogwa kamodzi latha ntchito, ndipo mukachulukitsa pa mbatatesi limabweretsa nkhanambo pakhungu chifukwa limachotsa asidi m'dothi. Mchere umaphadi, ana amasangalala kuona nkhono ikusungunuka, koma mchere womwewo ukupha dothi lanu, musauwaze m'mizere. Zikhungwa za mazira zomwe aliyense amalangiza pa Facebook, a Royal Horticultural Society anaziyesa mu 2018 pa letesi pamodzi ndi tepi ya kopa ndi timiyala, anapeza kuti sizinachepetse kudyedwa olo pang'ono, ndiye zikhungwa zanuzo ingoponyani pa manyowa.

Mankhwala a timibulu tabuluu a m'ma agro shop, werengani kaye chomwe chalembedwa pa paketi. Ambiri ndi a metaldehyde, amapha nkhono inde koma galu akadya amatha kufa, ndipo mwana wokwawa akaona tabuluu amaika m'kamwa, ku Britain komweko analetsa kuwaza mankhwalawa panja kuyambira 2022. Ena a ferric phosphate ndi ofatsa kwa ziweto, mukawapeza ndi amenewo, koma pabwalo pomwe pali ana, nkhuku ndi agalu ine ndingasankhe tochi ndi ndowa. Abakha ndiye akatswiri, nkhuku zimanyansidwa ndi zikuluzikulu koma bakha amameza osaganiza kawiri, ku Stellenbosch ku South Africa kuli munda wa mphesa wa Vergenoegd womwe umatulutsa gulu la abakha m'mawa kuti akadye nkhono m'munda mpaka alendo amapita kukaonerera. Kungoti bakha amapondaponda ndipo repu amamukondanso, ndiye muwalowetse musanadzale ndi mukamaliza kukumba. Achule musawaphe, ndimakalipira ana za ichi nthawi zonse, chule mmodzi wokhala pansi pa dramu la madzi akugwira ntchito ya usiku yomwe inu simukumulipira.

Amene muli pa renti malo ndi ochepa, masaka a feteleza otsukidwa bwino amagwira, boolani pansi, ikani dothi losakaniza manyowa pang'ono, mbewu ziwiri, n'kumaonjezera dothi ikamakula, saka mulikhazike pa mabuloko pamalo ouma osati pa udzu. Nkhono zimakwerabe koma mumaziona mosavuta. Zokolola zake musayembekezere zodzaza saka ngati za m'mavidiyo, mupeza za mapoto angapo basi, ndipo saka limauma msanga komanso limatentha ndi dzuwa la Okutobala ndiye ndi za nthawi yachisanu.

Mukakumba, zoboola musasakanize ndi zabwino, pabowo m'pomwe pamalowera kuola kwa madzimadzi konunkha kuja ndipo imodzi imaoletsa zoyandikana nazo. Zoboolazo dulani poipapo mudye sabata yomweyo, zilibe vuto, ife timapanga chipisi kapena kuphika ndi tomato ndi anyezi. Zabwino muziyanike pamthunzi ziume dothi, osatsuka, n'kusunga pamdima popita mphepo. Za mbewu musankhe ku mizere yomwe sinafote ndiponso ku mtundu womwe watuluka ndi mabowo ochepa, izo muziyale pamalo owala koma osawombedwa dzuwa kuti zitulutse mphukira zazifupi zonenepa. Ndipo chaka chamawa musabwerezenso pamalo pomwepo, kapena pomwe panali tomato, impwa, tsabola kapena fodya chifukwa onsewa ndi banja limodzi matenda amapatsirana, dzalanipo nyemba, anyezi kapena chimanga kwa zaka zitatu.

Ine Epulo akubwerayu ndikufuna kuika mizere ya Rosita, Violet ndi yoyera ya m'poketi mosinthanasinthana monga ndanenera, ndipo ndikadapeza mbewu yovomerezeka ya Chuma kapena Thandizo ndikanaonjezera mzere wake. Amene mumadziwa wogulitsa mbewu ya mapepala kuno ku Chipata kapena ku Katete mundiuze, ndipo amene muli ndi dimba mudzalekonso mitundu yomweyi tidzafananitse milu mu Ogasiti.